Mchenga mu Kabudula wa Sikelo

Mu Ufumu wa Mwanalirenji munalibe njala. Iyi sinali nkhani yokambirana, chifukwa njala inathetsedwa ndi lamulo Mfumu Mkhutakale Wachitatu atangokhala pampando, ndipo aliyense womva kupotokola m'mimba ankadziwa yekha kuti ndi njoka chabe. N'chifukwa chake alendo a kutsidya kwa nyanja atafika ku likulu, ku Kwaokhuta, ndi chikalata chonena kuti mwa ana khumi alionse a mu ufumuwo anayi ngonyentchera, bwalo lonse linangoti zii.

"Onyentchera poyerekeza ndi ana a yani?" inafunsa mfumu.

"Ndi a ku Tilinazo, Mwini Dziko," anayankha a Kamlomo, Nduna ya Makanda, atagwada ndi bondo limodzi poti linalo mimba inkaliletsa.

Tilinazo unali ufumu woyandikana nawo, ndipo mfumu ikamva dzina limenelo chakudya sichinkatsika bwino. Tsiku lomwelo inalengeza Chaka cha Mwana Wonenepa. Mwana aliyense wosafika zaka zisanu azipita ku sikelo mwezi ndi mwezi. Wopezeka pansi pa mzere wofiira wa pa khadi azilandira chiponde cha m'mapaketi, chija cha mtedza ndi mkaka chimene chimadzutsa mwana amene anthu ayamba kale kumunong'onera. Ndipo pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi pasadzapezeke mwana ndi mmodzi yemwe pansi pa mzerewo, apo ayi a Kamlomo adzabwerera kwawo kukaweta mbuzi.

Lamulolo linali labwino, tisaname. Mwambo wolikhazikitsa unatenga masiku atatu. Pofuna kutsimikizira anthu kuti chipondecho chilibe poizoni, nduna zinalawa pamaso pa onse. Zinalawanso tsiku lachiwiri, popaka pa buledi, pofuna kutsimikiza ndithu. Pofika tsiku lachitatu, makatoni otsala ankatha kukwera pa ngolo imodzi. A Kamlomo anawayang'ana makatoniwo, anaganizira mbuzi za kwawo, kenaka anaitanitsa galimoto.

Kutali ndi likulu, pa msika wa Tidikire, pakhonde la sitolo yotsekedwa, pankakhala telala wina dzina lake Lufeyo Dzinkambani. Anali munthu wosavuta, koma anali ndi nthenda imodzi: ankadzitama ndi msoko wake. Ankati buluku losoka iye likhoza kutha nsalu yonse, mwini wake n'kufa, koma msoko udzatsala. Mbiri imeneyi ndiyo inaimitsa galimoto ya nduna pamaso pa makina ake.

"Ndiwe Dzinkambani? Kabudula wa sikelo umamudziwa?"

Lufeyo ankamudziwa. Ndani samudziwa? Sikelo imapachikidwa pa nthambi ya mtengo, pansi pake pali ngowe, ndipo mwana amamuveka kabudula wa nsalu yolimba wa zingwe ziwiri n'kumukoleka pangowepo, iye akulira, miyendo ili lende, mlangizi akuwerenga muvi.

"Ndikufuna mazana awiri, a nsalu iyi," anatero a Kamlomo, akutambasula nsalu yatsopano yodzaza ndi nkhope za mfumu. "Pokhalira pakhale nsalu ziwiri, kuti mwana wa mu ufumu uno azikhala pofewa. Pakati pa nsaluzo uikepo mchenga wa kumtsinje, wosefa bwino, kilo imodzi."

"Pepani bwana, mchengatu sufewa."

"Kodi ndiwe telala kapena dokotala?"

"Telala, bwana. Kungoti alangizi amayamba akoleka kabudula wopanda mwana, n'kubweza muvi pa ziro. Ndiye mchengawo sudzaoneka pa khadi."

A Kamlomo anamwetulira ngati munthu amene mwana wamufunsa funso la mayeso amene iye anakhoza kale. "Zimenezo zatha. Nsalu yokhala ndi nkhope ya Mwini Dziko singawerengedwe ngati ziro. Amene aiyese ziro akafotokoza ku Kwaokhuta."

Lufeyo akanatha kukana. Koma nduna inatulutsa satifiketi ya m'galasi yolembedwa kuti Telala wa Chifumu, ndipo mtima wa Lufeyo unasungunuka. Anaipachika pamwamba pa makina, nasoka masabata anayi. Mchenga ankausefa yekha ndi sefa ya mkazi wake. Msoko anaubwereza katatu, moti ngakhale kamchenga kamodzi sikankatuluka. Ndi chisoni kunena, koma m'moyo wake wonse sanasokepo chinthu chokongola ngati makabudula amenewo.

Mwezi wotsatira ana onse a mu Mwanalirenji ananenepa tsiku limodzi. Wailesi inaimba nyimbo. Ku bwalo, mfumu inapatsa a Kamlomo mkanda wa ulemu, ndipo chiponde chotsala anachisunga bwino poti panalibenso wochifuna. Ku msika wa Tidikire anthu ankangoyang'ana makadi, n'kuyang'ana ana awo, n'kuyang'ananso makadi.

"Wangayu wanenepa ndithu," anatero Nachanza, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi khonde la Lufeyo. "Kungoti kunenepako kunatsala ku sikelo. Akuti kubwera pambuyo."

Lufeyo anaseka nawo, koma kuseka kwake sikunapite patali. Kunyumba kunali Tiyese, mwana wake wa chaka ndi theka. Nangozo, mkazi wake, anali ataimanso, ndipo anamuletsa kuyamwa msanga monga mwa mwambo. Kenaka kunabwera kutsegula m'mimba kwa masabata awiri. Tsitsi la mwanayo linayamba kufiira n'kumathothoka, timikono tinatsala khungu, ndipo chimene chinkamuopsa kwambiri Lufeyo n'chakuti Tiyese anasiya kulira mokweza. Ankangolira chamumtima, maso ali pa denga.

Tsiku la sikelo Nangozo anabwerako dzuwa lili pamutu. Sanapite kunyumba. Anafika pakhonde, naponya khadi pamwamba pa makina.

"Werengani, bambo a Tiyese. Inu ndinu odziwa zachifumu."

Kadontho ka inki kanali pamwamba pa mzere wofiira, pang'ono pokha, mwina pa mtunda wa msoko umodzi.

"Akuti ali bwino," anapitiriza Nangozo, mawu ali pansi. "Akuti ndizingopitiriza zomwe ndikuchitazi. Chiponde n'cha ana odwala. Wathuyu mwamuchiritsa inu ndi sefa yanga."

Lufeyo anamutenga mwanayo kumsana kwa mayi ake, ndipo manja ake, amene ankadziwa kulemera kwa kilo imodzi kuposa sikelo iliyonse, anamuuza zoona. Akuluakulu anati choipa chitsata mwini, koma sananene kuti chikafika chimadzagwira mwana. Manyazi anamugwira, ndipo mantha anabwera pambuyo pake.

M'mawa mwake anapita kwa mayi Gonani, mlangizi wa zaumoyo amene wakhala akukweza ana a ku Tidikire pa sikelo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anawapeza akupukuta galasi la sikelo.

"Mayi, mwana wanga uja..."

"Ndikudziwa, a Dzinkambani. Manja anga sanakalambe. Koma ine ndimalemba zomwe muvi wanena, ndipo tsiku lililonse la sikelo pamabwera kapitawo wochokera ku Kwaokhuta kudzafinya kabudula, kuona ngati pokhalira pali podzaza."

"Kabudulayo amamunyamula?"

"Munaonapo kapitawo wa boma atanyamula kanthu?"

Kenaka mayi Gonani anatsegula kabati, natulutsa kabudula uja, namuika m'manja mwa Lufeyo, maso akuyang'ana kunja.

"Wayamba kusosoka apa. Mutikonzereko. Ndidzamutenga Lachinayi."

Lufeyo anaufufuza msoko wonse ndi chala. Unali wolimba ngati tsiku limene anausoka. Mwina tsiku lina akanakwiya kuti wina wanyoza ntchito yake, koma apa anangoti, "Zoonadi mayi, wasosoka."

Anaumasula masana omwewo pakhonde lake, atafulatira msika. Zinamutengera nthawi yaitali, poti msoko wa Dzinkambani sugonjera ngakhale lezala la Dzinkambani. Mchenga unakhuthukira pansi, ndipo Nachanza anadutsa ngati akupita kukatunga madzi, naumwaza ndi phazi. M'malo mwake Lufeyo anaphatikamo tizidutswa ta nsalu totsala posoka, natikanikiza mpaka pokhalira panatupa ngati kale. Lachisanu la sikelo yotsatira kapitawo anafinya ndi zala ziwiri, nagwedeza mutu movomereza, napita kukakhala pa mthunzi.

Tsiku limenelo ana makumi anayi ndi atatu a ku Tidikire anagwera pansi pa mzere wofiira. Tiyese anagwa kuposa onse. Lufeyo anaima kumbuyo kwa amayi, akuona mayi Gonani akuika kadontho kutali pansi pa mzere, ndipo sanadziwe ngati alire kapena athokoze. Mu kabati munali mapaketi ochepa a chiponde, ndipo Tiyese analandira anayi. Madzulo ake ananyambita chala cha mayi ake mpaka kugona. Mayi Gonani analemba kalata ku likulu yopempha makatoni.

Kalatayo inafika ku Kwaokhuta ngati njoka yogwera pa mphasa. Bwalo linaitanidwa mwadzidzidzi. A Kamlomo anadziwa nthawi yomweyo kuti ndi ntchito ya telala, ndipo anafunitsitsa kumumanga. Koma akammanga pa mlandu wanji? Wochotsa mchenga umene boma silinaikemo? Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndipo a Kamlomo anangomeza malovu.

"Ana makumi anayi ndi atatu kuonda tsiku limodzi!" inakalipa mfumu. "Pamenepa pali dzanja la Tilinazo."

Nduna zinapikisana nzeru. Ina inati inki yofiira iletsedwe mu ufumu wonse. Ina inati Tidikire angoperekedwa kwa a Tilinazo ngati mphatso, ana ake akaonde kumeneko. Wina wachinyamata, amene anali asanazolowere ntchito, anati mwina angotumiza makatoni aja, ndipo anamutuma kuti akaone ngati kunja kukugwa mvula. Potsiriza anaimirira Nduna ya Kalendala, mkulu amene kwa zaka zambiri ntchito yake inali kulengeza masiku a chikondwerero.

"Mwini Dziko, lamulo lanu likunena za ana osafika zaka zisanu. Chiponde n'chochepa, koma zaka muli nazo zosawerengeka. Bwanji osawapatsako?"

Mfumu inaombera m'manja, ndipo nduna zonse zinaombera pambuyo pake.

Patapita masiku atatu, mthenga anaima pa msika wa Tidikire ndi chimkuzamawu. Analengeza kuti mwa chifundo chake chosatha, Mfumu Mkhutakale Wachitatu wapereka mphatso ya zaka kwa mwana aliyense amene wagwera pansi pa mzere wofiira, ndipo kuyambira lero onsewo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Makadi awo a sikelo abwezedwe, poti anthu aakulu chotere sakwera sikelo ya makanda. Mayi aliyense analandira kalata ya chidindo yotsimikiza msinkhu watsopano wa mwana wake.

"Koma abale inu," anatero Nachanza, akuitembenuza kalata yake. "Ine ndinakwatiwa zaka zitatu zapitazo, mwana ali ndi zisanu ndi chimodzi. Amuna anga akuti tikambirane."

Msika wonse unaseka, koma Lufeyo kuseka kunamukanika. Paketi yachinayi inali itatha dzulo lake. Iye anachotsa mchenga kuti mwana wake alandire chiponde, ndipo tsopano mwanayo anali atachotsedwa ku sikelo konse. Anakhala pa makina tsiku lonse osaponda chopondera. Anayang'ana satifiketi yake ija, naitembenuza kuti iyang'ane khoma.

Amene anaona njira anali Nangozo. Anakhala pa mkeka ndi kalata ya chidindo ija, akuiwerenga pang'onopang'ono ndi chala.

"Bambo a Tiyese, kodi mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi lamulo limati atani?"

"Limati apite ku sukulu."

"Nanga ku sukulu, belu la teni koloko likalira, ana amalandira chiyani?"

Lufeyo anamuyang'ana mkazi wake. Kenaka anadzuka, natenga tepi yake yoyezera.

Anali asanasokepo yunifolomu yaing'ono chotero. Pomuyeza Tiyese m'chifuwa, tepi inangozungulira pang'ono n'kukumana, ndipo Lufeyo anayeza kawiri poganiza kuti walakwitsa. Nkhani inamveka msika wonse, ndipo pofika Loweruka anali atasoka mayunifolomu makumi anayi ndi atatu, ena a nsalu ya makatani, ena a malaya akale a abambo. Palibe amene anafunsa za mtundu wa nsalu.

Lolemba m'mawa a Chafulumira, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Tidikire, anatuluka mu ofesi napeza amayi makumi anayi ndi atatu ali pa mzere, aliyense mwana kumsana, kapu m'manja.

"Amayi, sikelo ndi uko."

"Tabweretsa ana a Sitandade Wani, aphunzitsi," anatero Nangozo, napereka kalata.

A Chafulumira anavala magalasi. Anawerenga kalatayo, nayang'ana Tiyese amene ankayamwa kolala ya yunifolomu, nawerenganso. Anali munthu amene wakhala m'boma nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kuti pakati pa maso ako ndi chidindo cha mfumu, cholakwa chimakhala maso.

"Ndi ana aakulu ndithu," anatero. "Lowani. Koma asamalongolole m'kalasi."

Umo ndi mmene zinayambira. M'mawa uliwonse mphunzitsi akaitana dzina la Tiyese Dzinkambani, Nangozo ankayankha kuti, "Ndilipo." Amayi ankaimba a, e, i, o, u m'malo mwa ana awo, ndipo ena amene sanapondeko m'kalasi ali atsikana anaphunzira kulemba maina awo mosayembekezera. Belu la teni koloko likalira, ankafola ndi makapu kulandira phala la chimanga ndi soya, kapu imodzi pa mwana. Silinali chiponde, koma linali lotentha ndipo linkabwera tsiku lililonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu. Lufeyo ankasiya makina nthawi imeneyo n'kukaima pa mpanda wa sukulu, akuwerenga masipuni amene mwana wake wameza. Sabata yoyamba anali asanu. Yachitatu, kapu inkatha.

Nkhaniyi itafika ku Kwaokhuta, a Kamlomo anaitanitsa alendo a kutsidya kwa nyanja aja, nawauza kuti mu Mwanalirenji tsopano mulibe mwana wosafika zaka zisanu amene ali pansi pa mzere wofiira, ndipo ana ake ndi anzeru moti amayamba sukulu asanayambe kuyenda. Alendowo analemba zonse m'mabuku awo. Mfumu inalamula kuti mawuwo atumizidwe ku Tilinazo.

Masabata asanu ndi anayi anapita. Tsitsi la Tiyese linayamba kuda kumizu. Tsiku lina anagwira tepi ya bambo ake n'kukana kuibweza, ndipo Lufeyo ataikoka, mwanayo analira mokweza mpaka Nachanza anasuzumira. Lufeyo anaikokanso dala kuti amvenso kulirako.

Tsiku lotsekera sukulu makolo anasonkhana pa bwalo kudzamva zotsatira za mayeso. A Chafulumira anawerenga a Sitandade Wani ndi nkhope yachisoni. Ana makumi anayi ndi atatu analephera phunziro lililonse. Tiyese Dzinkambani anali womaliza, ndipo pepala lake la masamu anadyako ngodya.

"Onsewa abwereze kalasi," analengeza.

Nthungululu zimene zinamveka pamenepo sizinamvekepo ngakhale pa ukwati. Amayi anavina, Nachanza anayala chitenje kuti a Chafulumira apondepo, ndipo Lufeyo anakweza mwana wake m'mwamba, akumva kulemera kwenikweni m'mikono yake. A Chafulumira anadikira phokoso lithe, kenaka anamaliza zolengeza. Sukulu idzatsegulidwanso pakatha masabata asanu ndi awiri. Kuseri kwa kalasi, amayi ophika anali atayamba kale kuvundikira miphika, ndipo mlonda ankakhoma loko pa chipinda cha ufa.

Lufeyo anawatsatira a Chafulumira mpaka pa khomo la ofesi.

"Aphunzitsi, ana olephera chonchi, sangamabwere pa tchuthi kudzaphunzira mwapadera?"

"Kuphunzira akhoza kubwera, a Dzinkambani," anayankha a Chafulumira, osamuyang'ana. "Koma phala limatsata kalendala ya mfumu."

Lufeyo ndi Nangozo anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Nangozo ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha pakati, ndipo Tiyese anagona pa phewa la bambo ake, kapu ili m'manja. Atafika, Nangozo anamuvula yunifolomu, ndipo inavuta kutuluka m'mikono. M'khwapa mwa mwanayo munatsala timizere ta msoko. Lufeyo anaona timizereto, natenga kadiresiko, nakhala pakhomo, natulutsa lezala m'thumba.

"Mukutani, bambo a Tiyese?"

"Yayamba kumuthina m'khwapamu. Ndimasuleko pang'ono."

Nangozo anabwera, nagwira dzanja la mwamuna wake lezala lisanakhudze ulusi. Anayang'ana mwana wogona pa mkeka, kenaka anayang'ana dengu la ufa limene linali pa ngodya.

"Isiyeni choncho," anatero. "Pofika tsiku lotsegulira idzakhala ikumukwana."